Mpeni wa achimwene pakhomo pa abambo

Mlungu uno ndalakwa, ndipo ndikufuna mumve kwa ine mwini nkhaniyi isanakupezeni kumsika.

Loweruka masana galimoto ya bayisikopo inafika pasukulu ya mishoni pomwe ndimaphunzitsa. Tinatseka mawindo ndi masaka a mpunga kuti mude, ndipo poti Chingerezi ndimachimvako, anandiimika pambali pa nsalu kuti ndizimasulira. Chithunzicho chinali cha anyamata a pa akavalo aja, a zipewa zikuluzikulu. Mmodzi atatopa nako kupha anthu anabwerera kwawo, n'kukaika mfuti pakhomo pa bambo ake. Nkhalambayo inamuyang'ana nthawi yaitali, kenako inamutsegulira.

Azungu amenewa amalankhulira m'mphuno, zambiri sindinazimve. Ndinangoikamo zanga. "Akuti mwana akataya chida, kholo silingamukane," ndinatero mokweza, maso ali kubenchi ya kumbuyo.

Kumeneko kunakhala achimwene anga a Filipo. Kunkhondo ya azungu anabwerako ali munthu wina, wa mtima wapachala, ndipo zaka zitatu zapitazo anathyola abambo mkono ndi nkhafi pokangana za bwato. Chichokereni sanapondenso pakhomo, amagona m'zisakasa za asodzi. Abambo tsopano akutsokomola magazi. Ndinkafuna awiriwa agwirane chanza maliro asanatisonkhanitse.

Lamulungu m'mawa ife tili kutchalitchi, achimwene anapita okha kwa abambo. Anasolola chimpeni chawo cha kunkhondo n'kuchiika pakhomo, iwo ali chilili monga mzungu uja, osagwada, osaomba m'manja.

Inu akuno mwaona kale palakwika. Kodi munthu wolakwira kholo amadziperekeza yekha? Amatuma malume atanyamula nkhuku, iye n'kukhala patali mutu uli pansi mpaka ataitanidwa. Mpeni pakhomo pa wodwala umanena zina.

Mlongo wanga, amene ankawasamalira, ndiye anandiuza zomwe zinatsatira. Abambo ali pamphasa anangoona chitsulo.

"Wabwera kudzanditsiriza?" anafunsa. "Dikira pang'ono, chifuwachi chikukugwirira ntchito."

"Ndabwera kudzausiya, bambo."

"Wokulankhulira ali kuti? Ine mwana wobwera ngati fisi ndilibe."

Achimwene anandidikira panja pa tchalitchi. "Iwe mphunzitsi," anatero motsitsa mawu, "paja unati kholo silingakane?" Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo mlungu uno munthuyo ndine.

Ndinayesa kukonza. Koma ndikanatuma ndani? Ine ndine mwana, sindingakhale pakati pa abambo ndi mkulu wanga. Malume aakulu ali ku Joni, chaka chachisanu ndi chinayi chino, kalata zii. Aang'ono anakwatira ku Halale. Amene anali nkhoswe ya makolo athu anakwiriridwa kumgodi.

Yendani kwa Malengachanzi, mukafike kwa Mwadzama, muzifunsa nyumba ndi nyumba kuti malume a ana awa ali kuti. Azungu amatitengera anyamata kukawaphunzitsa kubaya, ndipo akatibwezera amapeza akuluakulu owaziziritsa mtima atapita kukakumba miyala ya eni. Chotsala n'chiyani? Mnyamata aphunzire kupepesa pansalu, kwa anthu osadziwa n'komwe kuti nkhoswe ndani. Timadzitonthoza kuti chibale ndi fupa sichiwola. Ine ndataya mtima, sindikhulupiriranso kuti mabanja athu adzalumikizana.

Lachinayi sitima ya pamadzi inaima kuno, achimwene anakwera. Anauza asodzi anzawo kuti akukalembetsa za kumigodi. Ine sanandilawire.

Abambo sitinawauze. Dzulo ndikuwamwetsa madzi anandigwira dzanja, mphamvu mulibe.

"Filipo uja sanatume munthu?" anafunsa. "Umuuze asachedwe. Atume ngakhale mlamu wake, ndidzamulandira."

Ndinawayankha kuti akubwera. Inu mukanawayankha chiyani?