Zipsera za pa mikono ya Zakeyo

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ngakhale kunena zoona m'nyumba ya siwa munthu sagona, amangotsamira khoma. Amayi a kwaya anali ataimba mpaka mawu kusasa, ndipo tsopano anangoti mbwee pamphasa, atafunda zitenje mpaka kumutu. Unali mwezi wa Juni. Panja panali nkhungu yoti ngakhale nkhokwe yathu sinkaoneka, koma kuchokera kumanda inkamveka piki ya adzukulu, gu, gu, ngati wina akusinja kutali.

Womwalirayo anali Zakeyo, mlongo wanga wopondana nane. Anatsirizikira ku Katete, ndipo tinafika naye dzulo lake kumudzi kwathu, kuseri kwa Sinda.

Kutayera pang'ono, adzukulu awiri analowa kukasambitsa thupi. Sanachedwemo. Anatuluka manja ali nyowe n'kuitanira amalume kuseri kwa khitchini, osadziwa kuti ine ndili pomwepo ndikusonkha moto wa nyemba. Anati apeza timadontho takuda m'mizeremizere, mikono yonse iwiri, mpaka kumapazi. Kwa iwo zimenezo zinali mphini. Munthu wotemera mphini zochuluka chotere ndi wokhwima, ndipo wokhwima saikidwa wamba, chifukwa amabwerera kudzatenga ena.

Ine ndinkadziwa kuti si mphini. Zakeyo anayamba kudzibaya mankhwala ozunguza bongo ali wonyamula katundu pamene pamaima mathiraki ku Katete. Kenaka kunabwera bungwe lina lomwe linatsegula kachipinda kuseri kwa msika. Odzibaya ankabweza singano zakale n'kulandira zatsopano, kuti asamabwerekane n'kupatsirana matenda. Kumeneko anamuthandiza mpaka anasiya, ndipo anamulemba ntchito yoyenda ndi chikwama kugawira anzake. Ananenepa mwanayo, masaya kubwerera. Tsono opereka thandizo anati kugawa singano n'kulimbikitsa khalidwe loipa, ndipo kachipindako kanatsekedwa. Ndisabise, nditamva nkhaniyo ndinati zakhala bwino, mlongo wanga apeze ntchito yoti n'kuitchula pagulu. Mpaka lero ndikakumbukira pakamwa pangapa ndimadzida. Sipanapite nthawi, anabwerera ku zakale, singano imodzi anthu angapo. Mkono unatupa, thupi linatentha, basi.

Ndinalowa m'nyumba n'kuwanong'oneza amayi zimene adzukulu akunena. Sanandiyang'ane n'komwe.

"Asiye anene za mphini. Zinazo usazitchule pamudzi pano."

Kwa iwo kunali bwino mwana wawo alowe m'nthaka ngati mfiti kusiyana ndi kuti adziwike chimene anali. Ndinatuluka n'kubwerera ku moto wa nyemba.

Anthu anayamba kufika, a njinga, a ngolo, ena wapansi kuchokera kuminda ya thonje. Nkhani ya mphini inkawachingamira kunjira. Munthu ankafika akulira bwinobwino, wina n'kumukoka chitenje, ndipo kulirako kunkathera pakhosi. Pofika chakumasana bwalo linali lodzaza, koma kunali zii. Nkhungu inakana kuchoka. Utsi wa pamafuwa sunkakwera, unkangokwawa pansi pakati pa miyendo ya anthu. Akulu a mpingo anakhala paokha nthawi yaitali, kenaka anatumiza mawu akuti pemphero apereka limodzi, koma nyimbo ayi.

Ndi nthawi imeneyo pamene anatulukira anthu asanu ndi mmodzi, amuna asanu ndi mkazi mmodzi, oonda, milomo youma, fumbi mpaka m'mawondo. Palibe anawaona akubwera. Tinangozindikira akhala kale pansi pa mtengo wa mango. Sanalonjere munthu, chakudya anakana, ndipo aliyense anali atafumbata kanthu m'kati mwa jekete. Agalu athu, omwe amauwa ngakhale nkhuku, anangowayang'ana n'kukabisala pansi pa nkhokwe.

Tinanyamuka kupita kumanda masana omwewo, dzuwa likadali lobisika m'nkhungu. Sindinayendepo ulendo wa kumanda wopanda nyimbo. Kunkangomveka mapazi pa udzu wouma ndi kupuma kwa onyamula bokosi. Thonje m'mbali mwa njira linali mbuu, nkhungu nayo mbuu, moti a kutsogolo ankaoneka ngati akusungunuka. Alendo aja ankabwera pambuyo penipeni, mmodzi kumbuyo kwa mnzake.

Bokosi litatsitsidwa, alendowo anadutsa pakati pa anthu osapempha njira. Aliyense anatulutsa botolo la pulasitiki n'kuliimika pa dothi la m'mphepete mwa dzenje. M'mabotolomo munali singano zokhazokha, zina za magazi ouma. Amayi ena anakuwa. Wina anafuula kuti afiti anzake a Zakeyo abwera kudzamudzutsa. Ndinaona mdzukulu mmodzi akukweza khasu.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Mkazi salankhula pamanda, koma ndinalankhula, ndipo mawu anga anandiopsa ine ndemwe. Ndinati Zakeyo sanali wokhwima. Ndinati zipserazo n'za jekeseni, ankadzibaya mankhwala, anasiya, anathandiza ena, ndipo atatseka malo aja anagwanso. Ndinati ngati mukufuna kumuopa, muopeni pa zoona, osati pa bodza.

Khasu lija linatsika. Mkazi wa m'gulu lija analankhula motsitsa, maso ali m'dzenje.

"Anatiuza kuti zakale tisamataye pomwe ana amasewera, tizimusungira iye. Tamusungira. Nanga tipatse ndani?"

Mkulu wina wa mpingo anayambitsa nyimbo, anthu ochepa n'kuilandira, ndipo adzukulu anakwirira mofulumira ngati mvula ikubwera. Mabotolo aja aliyense ankawalambalala. Ndinawakulunga m'chitenje changa n'kubwera nawo kunyumba.

Mwa mwambo wathu achibale amagona pa siwa mpaka tsiku losesa. Koma titangobwera kumanda aliyense anapeza chifukwa chochokera. Uyu mbuzi sanatsekere, uyu mwana akudwala. Mfiti akanaigonera, chifukwa akanaopa kuikwiyitsa, koma wodzibaya anamuthawa. Dzuwa likulowa pabwalo panatsala mafuwa ndi phulusa. Amayi anagona choyang'ana kukhoma, ndipo nditawapatsa madzi anakankha kapu.

Ndikutseka chitseko, ndinaona mkazi uja ataima kumapeto kwa bwalo, anzake ali kumbuyo kwake. Ankanjenjemera, koma sikunali kuzizira kokha.

"Asisi, pepani, tikudziwa kuti si tsiku lake. Kodi sanasiyeko singano zanyowani?"

Ndinafuna kumulalatira. Mlongo wanga wangolowa kumene m'nthaka, iwe ukundifunsa zimenezo? M'malo mwake ndinatembenuka. Ndinalowa kuchipinda n'kukhuthula chikwama cha Zakeyo pamphasa. Munali malaya awiri, chipeso, ndi sopo wotsala. M'kathumba ka m'mbali ndinapezamo singano imodzi, ikadali m'pepala lake losatsegula.

Ndinaima nayo nthawi yaitali. Ine yemwe ndinasangalala atatseka kachipinda kaja ndinatuluka n'kukaiika m'manja mwa mayi uja. Anailandira ndi manja awiri, anagwada pang'ono, ndipo onse ananyamuka kulowera kumsewu wa tala.

Ndinawawerenga akulowa m'nkhungu. Anali asanu ndi mmodzi, ndipo singano inali imodzi.