Maso a Lemani, Kapitawo wa M'shedi ya Fodya

Lemani anabadwira ku Dedza, koma anakulira pa famu ina ya fodya kufupi ndi Glendale, kumene bambo ake anafika wapansi kudzafuna ntchito. Kumudzi sanabwererenso. Chichewa chake chinasakanikirana ndi Chishona cha m'komboni, ndipo pamene Zimbabwe inkalandira ufulu, iye anali kale kapitawo wa m'shedi yosankhira fodya.

Ntchito yake inali ya maso. Amayi makumi atatu ankakhala pa matebulo kusankha tsamba limodzilimodzi: lachikasu kwake, lofiirira kwake, lamawanga kwake. Lemani ankayendera kumbuyo kwawo, n'kumatola mtolo kuuyang'ana pa kuwala kwa zenera. Akavomereza, fodya ankalowa mu belo. Mzungu mwini famu ankauza alendo kuti maso a Lemani ndi sikelo, ndipo Lemani akamva zimenezo mapewa ankakwera.

Chimene sankauza munthu n'chakuti sikeloyo inali itapendekeka. Waya wa fensi ankamuona pawiri. Bhazi ya ku Harare ankaizindikira itaima kale. Timawanga ta pa tsamba tinkasungunuka n'kukhala ngati mthunzi chabe, ndipo tinkabwerako pang'ono akatsinzina diso lamanja. Anaphunzira kutsinzina mochenjera, ngati munthu amene akuganiza zakuya.

Mu 1988 mabelo asanu ndi limodzi anabwezedwa ku okushoni chifukwa fodya wamawanga anasakanikirana ndi woyera. Mzungu analowa m'shedi nkhope ili psuu.

"Fodya ameneyu wachokera pa tebulo la ndani?"

Anachokera pa tebulo la Keziya, mayi wamasiye wa ana awiri amene ankatchedwanso mai a Filesi, wodziwika ndi manja achangu. Koma sabata imene mabelowo ankamangidwa, Lemani anatenga mulu umene Keziya anaupatula kuti ndi wamawanga n'kuubwezera yekha ku fodya woyera. "Mawanga ali pati apa? Mukungotaya fodya wabwino," anatero tsiku limenelo.

Tsopano shedi yonse inkadikira yankho lake. Lemani anayang'ana pansi.

"Ndi la mai Keziya, bwana. Ndinawachenjeza."

Keziya anamuyang'anitsitsa. Mwezi usanathe anachotsedwa ntchito, ndipo pa famu ntchito ikatha, nyumba nayonso yatha. Anamanga katundu, natenga ana kupita kwa mlongo wake wogwira ntchito ku mgodi wa ku Arcturus. Lemani anadziuza kuti mwina mayiyo analakwitsadi penapake, ndipo anadziuza kambirimbiri mpaka anatsala pang'ono kukhulupirira.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, pa famupo panafika galimoto yoyera ya anthu ofufuza za maso. Sankagulitsa magalasi. Ankayeza maso a antchito a m'mafamu mazanamazana, kuyambira ku Guruve kutsika nawo, kuti adziwe mmene maso a anthu amasiyanirana. Woyezayo anali Nason, bambo wa zaka ngati makumi atatu, wokulira ku Harare koma makolo ake a ku Malawi. Mzungu analamula kuti kapitawo ayambe kuti ena asaope. Lemani ananena kuti kuli fodya wambiri pa matebulo, koma sizinamveke.

M'kalasi ya sukulu ya pafamu, Nason anamukhazika pa mpando, natenga mbale yojambulidwa mizere yozungulira, yakuda ndi yoyera, yokhala ndi kabowo pakati. Anamutchula kuti sekuru, mwaulemu wa Chishona kwa munthu wamkulu.

"Mizere iyi imaonekera pa diso lanu ngati pa galasi, sekuru. Diso likakhala lozungulira bwino, nayonso imazungulira bwino."

Anasuzumira pa kabowoko nthawi yaitali. Kenaka anamuuza kuti aike chibwano pa kachitsulo ka chipangizo china, nalemba manambala, nayezanso kachiwiri ndi kachitatu. Atatha anatambasula pepala lalikulu lodzaza timadontho.

"Kadontho kalikonse ndi diso la munthu amene tamuyeza. Palibe diso langwiro, ngakhale langa lomwe. Lililonse limapotoza kuwala pang'ono. Ambiri ali apa." Analoza pakati, pamene timadontho tinaunjikana ngati nyerere pa shuga. "Tikawerengera onse pamodzi, timadziwa kupotoka kwa munthu wamba ndi kupotoka kopyola muyezo."

Anayeza ndi rula, nadontheza pensulo kutali, pafupi ndi m'mphepete mwa pepala.

"Ili ndi lamanja lanu. Kutsogolo kwake kwasongoka ngati nsonga ya dzira. Kuwala kukalowa kumabalalika. Lamanzerenso likutsatira."

"Zayamba liti?" anafunsa Lemani.

"Zotere zimayamba munthu akadali wamng'ono, n'kumakula pang'onopang'ono. Ndikhulupirira zaka khumi zapitazo munali mukuona kale zinthu pawiri. Mumagwira ntchito yanji?"

Panja pankamveka amayi a m'shedi akuseka pa mzere.

"Ya m'shedi," anatero Lemani. "Yosesa."

Nason analemba zomwezo. Lemani anatuluka mutu uli pansi, osadziwa kuti chikumuwawa kwambiri n'chiti, bodza lakale kapena latsopanoli.

Magalasi amene Nason anamulembera anakawagula ku Harare. Sanakonze zonse, koma tsiku loyamba kuwavala m'shedi anaona timawanga pa mtolo umene anauvomereza dzulo lake. Anawavula, kuwapukuta ndi malaya, kuwavalanso. Timawanga tinali pomwepo.

Lamlungu lotsatira anakwera mabhazi awiri mpaka ku Arcturus. Atafunsafunsa, anapeza Keziya pa kamsika pafupi ndi komboni ya mgodi, akugulitsa tomato ndi tinsomba ta kapenta. Anavula chipewa.

"Mai a Filesi, ndine Lemani."

"Ndakuonani kalekale, a Lemani. Mwandipitirira kawiri."

Lemani anapinda chipewa chija m'manja. "Fodya uja inu munasankha bwino. Wolakwa ndinali ine. Maso anga anali ataonongeka, ndipo ndinkadziwa."

Keziya anapitiriza kuunjika tomato anayianayi.

"Mwabwera ulendo wonsewu kudzandiuza zimene ndikudziwa? Shedi yonse inkadziwa. Mukadutsa, ife tinkabwezera fodya m'malo mwake mwakachetechete, kuti ana anu asagone ndi njala. Sabata ija mwana wanga ankadwala, ndinaweruka msanga, n'chifukwa chake mulu uja sunabwezedwe. Ndipo sindikukaika kuti mpaka lero amayi aja akukonzabe m'mbuyo mwanu."

Lemani anakumbukira mmene ankayendera pakati pa matebulo akukalipira anthu, pamene anthuwo ankangodikira kuti adutse.

"Ndichite chiyani, mayi?"

"Filesi anasiya sukulu chaka chomwecho. Pano ali ndi mwana kumsana. Mungabweze chiyani pamenepo?" Anamuyang'ana koyamba, m'magalasi momwe. "Pitani mukawauze amayi aja. Atopa nako kukunyamulani."

Kunabwera wogula, ndipo Keziya anatembenukira kwa iye. Lemani anaima pang'ono, kenaka anatsanzika. Keziya anapitiriza kuwerengera wogulayo tomato.

Lolemba m'mawa anaimitsa ntchito m'shedi, nanena zonse mzungu ali pomwepo. Mawu ankatuluka modukaduka. Amayi ena anayang'ana pa matebulo, wina wachikulire anangoti, "Zamveka, baba." Mzungu anatukwana m'Chingerezi, koma poganizira zaka zimene Lemani anagwira, sanamuchotse. Anamupititsa ku mabani kukasonkhezera moto woumitsira fodya, malipiro n'kutsika. Lemani anapempha kuti Keziya aitanidwenso, ndipo uthenga unapitadi. Yankho linabwera ndi dalaivala wa lole: azisankha okha fodya wawoyo.

Ku mabaniko anagwirako zaka zisanu, mpaka mu 1999 pamene maso analephereratu ndipo mwana wake wamkulu anamutengera ku Glendale. Zaka zonsezo, njira yachidule yochokera ku komboni kupita ku mabani inkadutsa pa khomo la shedi. Lemani ankazungulira kuseri kwa garaja ya mathirakitala, ngakhale mvula ikugwa.