Madontho Awiri Pansi pa Penti

A Zakaliya owotcherera zitsulo ku Biwi andiphera boti. Ndikuwatchula dala, kuti amene muli ndi chinthu choyandama pamadzi musakapondeko.

Amene mumandidziwa ku Chinsapo mukudziwa boti lamatabwa limene limaolotsa anthu pamtsinje wa Lilongwe ulalo wamitengo ukakokoloka. Analikhoma ndi bambo anga asanamwalire. Anali a ku Nkhata Bay, madzi amawadziwa. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, koma kupalasa ndi kumanga boti anandiphunzitsa mpaka ndi makofi. Amati boti silimangidwa paliponse mofanana. Pamchenga pamafunika nangula wa ngowe zokumba pansi. Pamatope okhaokha, tayala lodzaza simenti. Gombe likakhala lolimba, chikhomo. Koma pakakhala mtengo, thokoza Mulungu, manga kumtengo.

Ife timamanga kumkuyu. Mkuyu uja anaudula ootcha njerwa. Ndinayesa chikhomo, koma okumba mchenga adya gombe lonse, ukangokhoma chimagwedera ngati dzino la nkhalamba. Tayala la simenti ndekha sindingalikweze madzi akamadzaza. Kunatsala nangula.

Ndiye ndinapita ku Biwi kwa a Zakaliya. Ndinawajambulira pansi ndi chala: ngowe zinayi, chitsulo chosabooka mkati, pamwamba mphete yomangapo tcheni. Ndinati, "Bambo, mpheteyi ndiye moyo wa boti. Muwotcherere kuzungulira konse."

Anaseka. Akuti, "Aise, ine ndawotcherera mageti a mabwana ku Area 18, akuba amangowayang'ana n'kubwerera. Ndiye kambedza kakoka kandivute?"

Anati ndibwere Lachitatu. Ndinapita, akuti kulibe ndodo zowotcherera. Ndinapitanso, akuti ali kumaliro. Ulendo wachitatu mitambo inali itada kale, ndinawauza kuti sindichoka. Analowa kuseri, anatuluka naye nangula ali phuliphuli, penti wakuda wosauma bwino. Ndinafunsa za mphete. Akuti, "Imeneyo ingakoke lole." Ndinanyamula pakabaza, manja onse penti, ndikusekerera ngati chitsiru.

Mvula inagwa kumtunda, kwathu kunangowaza. Ndinaponya nangula, ndinamukoka, anagwira. Ndinapita kunyumba.

M'mawa ndinapeza azimayi a kumadimba ataima pagombe ndi madengu a mpiru pamutu. Palibe anandipatsa moni. Mmodzi anangoti, "Achimwene, boti mwasamutsa?"

Ndinayang'ana pamadzi. Panalibe kanthu.

Ndinatsata mtsinje wapansi, m'mabango, m'minda ya anthu. Ndinalipeza pamiyala kumunsi, litang'ambika pakati. Matabwa ena anthu anali atayamba kale kutola, nkhuni. Sindinawaletse. Thabwa limene bambo amakhalapo popalasa linalipo, losalala pakati pomwe linaperesedwa ndi thalauza lawo. Chingwe chinali chonse. Tcheni chinali chonse. Kumapeto kwa tcheni, mphete ija, yokhayokha.

Ndinaipala penti ndi mwala. Madontho awiri. Kuno kadontho, uko kadontho, ngati mmene amagwirizira chitsulo asanayambe ntchito yeniyeni. Kwinako konse mpata, atamata penti.

Nangula mpaka lero ali pansi pamtsinje, wagwira bwinobwino. Akudikira boti.

Anzanga amadziwa mtima wanga. Ndinaswapo galasi la minibasi chifukwa cha chenji. Atamva kuti ndikupita ku Biwi, awiri anandilondola kuti akandigwire. Mayi anandigwira malaya pakhomo, akuti, "Mwanawe, boti lapita, usandipitirenso iwe kundende." Koma mkati mwangamu munalibe moto. Munali zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

A Zakaliya ndinawapeza akuwotcherera geti. Ndinaika mphete pabenchi. Anakweza magalasi awo akuda owotcherera, anaiyang'ana, anandiyang'ana.

Akuti, "Aaa, iyi? Tsiku lija magetsi anazima nditangoigwiriza. Ndimati ndimaliza akayaka. Koma inunso munabwera ndi phuma, ndiye ndikanatani?"

Ndinafunsa kuti nanga penti anapaka ndi magetsi? Pakamwa pawonso panazima magetsi, osandiuza kuti sinathe?

Akuti, "Penti ndi kuteteza dzimbiri, aise. Komanso madzi ndi a Mulungu, ine sindilamula mvula."

Kenaka anayamba kundiphunzitsa. Akuti pamtsinje sipafunika nangula, ndikanamanga kumtengo. Munthu woti sanakwerepo boti chibadwire. Anzanga aja anandiyandikira, wina anandigwira pamkono. Panalibe chogwirira. Manja anga anali lende.

Ataona kuti sindikukuwa, analimba mtima. Anandisisita paphewa. Akuti, "Tisayambane, ndife amodzi. Kavuuleni nangulayo mubwere naye, ndikuwotchererani bwinobwino, kuzungulira konse. Ulere. Simulipira olo kobiri."

Ulere.

Amene mukufuna nangula, kulikonse kumene mungapite, musalandire wopakapaka. Muone chitsulo chili mbulanda, muzungulize chala pamphete, penti mukapake nokha kunyumba. Ine ndaphunzira, kungoti ndilibenso pogwiritsa ntchito nzeruzo. Azimayi aja tsopano akuzungulira kumlatho wa kutali, mpiru umafika pamsika utafota. Thabwa la bambo lili kuseri kwa chitseko. Mayi salikhudza posesa.

Mphete ndinawasiyira a Zakaliya pabenchi pomwepo. Ndinangoti, "Wotchererani, bambo, kuzungulira konse. Mukamaliza mundiuze ndimangirireko chiyani."