Dzina limene apongozi anasunga

Mpunga kwathu timalima kuyambira kale, koma tinkaugulitsa wosakonola kwa mavenda obwera ndi malole, iwo n'kukauika m'mapaketi a mayina awo. Chaka china madzi atabwerera m'nyanja ya Chilwa, tinakolola bwino, ndipo bambo akunyumba anati basi, tizikonoletsa tokha kuchigayo, tiziika m'mapaketi athu, tizikagulitsa pa Songani ndi m'tauni ya Zomba. Ine ndinavomera msanga. Sindinadziwe kuti chotikanganitsa chikhala dzina.

Iwo ankafuna la Chingerezi, lalitali, lothera ndi mawu akuti intanashonolo. Munthu woti Liwonde sanadutsepo. Ine ndinati tingolemba kuti Mpunga wa Kwathu, iwo akuti golosale iliyonse ya m'mbali mwa msewu dzina lake ndi lomwelo. Chizindikiro ndiye chinanyanya. Anapita kwa bambo wina wolemba zikwangwani pa Songani, n'kubwerako ndi mkango woyasamula. Ndinawafunsa ngati anaonapo mkango ukudya mpunga. Ine ndinkafuna lichero, koma atandijambulira linkaoneka ngati tayala la njinga, ndipo amuna anga anandiseka mpaka ndinawamana tiyi.

Koma ukali wanga masiku amenewo sunali wa mkango ayi. M'nyumba mwathu munalibe mwana, ndipo zaka zinali zitapita zambiri. Apongozi anga, mayi awo a amuna anga, amakhala pachilumba cha Chisi ndipo amagulitsa matemba. Iwo ndi Asilamu, ine wa kutchalitchi, koma zimenezo sanandivutitse nazo. Chimene chinkandipweteka ndi maso awo. Akatsika boti n'kufika pakhomo, ankayamba ayang'ana pamimba panga kenako kumaso. Aliyense ankadziwa kuti anasunga dzina la mdzukulu woyamba wa kwa mwana wawoyu, popeza kutcha linali gawo lawo, ndipo dzinalo sanauzepo munthu. Amayi a padoko anali atandinong'oneza kuti apongoziwo ayamba kupondaponda pakhomo pa mtsikana wina ku Chisi. Ndinkaopa kuti banja langa latha.

Tsiku lina tinali pakhonde m'mawa, tikumata mapaketi ndi kandulo, mapaketi opanda dzina, uku tikukangana monga mwa masiku onse. Apongozi anatulukira ndi dengu la matemba pamutu. Tinawalandira, anakhala pamkeka, n'kumatimvera. Titatopa, anafunsa mwana wawo:

"Iwe, unaona kuti munthu akutcha yekha mwana wake dzina?"

Ndinaika kandulo pansi.

"Amayi, ngati mwabwerera kudzandikumbutsa za mwana, nenani mosabisa. Ndatopa nazo ine."

Bambo akunyumba anayamba kuyang'ana nkhuku pabwalo ngati sanazionepo. Apongozi sanatekeseke.

"Ukali wanuwu ndi wanga womwe," anatero. "Tandipatsani paketiyo."

Ndinatola imodzi n'kuwapatsa ndi dzanja limodzi, nkhope nditayang'ana kumbali. Sanailandire. Anangondiyang'ana mpaka manyazi anandigwira, ndiye ndinagwada n'kupereka ndi manja awiri, iwonso n'kulandira ndi manja awiri. Anaiika pamiyendo, anaisisita, anainunkhiza, chifukwa kilombero wathu fungo lake limatuluka ngakhale m'pulasitiki.

"Uyu ndi Talandira," anatero.

Amuna anga anayesa kulitchula kawiri, kumva ngati likukoma pakamwa. Ine sindinamvetse msanga, mpaka apongozi anatembenukira kwa ine.

"Ndi dzina ndinasunga lija, mwananga. Ndatopa nalo kuliwolotsa nyanja n'kubwerera nalo. Ndi la m'nyumba muno, kwina silipita."

Ndinalira, sindibisa. Ndinalira pamaso pa apongozi, mamina ndi misozi, ndikadali chigwadire. Iwo anandisiya ndilire, akungogwedeza paketi ija pamiyendo. Bambo akunyumba, munthu wosadziwa nthawi yoyankhula, anafunsa chapansipansi kuti nanga mkango uja titani nawo popeza wajambulidwa kale. Mayi awo anawauza kuti akaupachike kuchipinda uziwaopseza okha.

Chizindikiro sitinakanganenso. Tinabwerera kwa wolemba zikwangwani uja tonse atatu. Poyamba anajambula dzanja limodzi lotukula chala chachikulu, akuti ndi zimene zikuyenda masiku ano. Apongozi anamufunsa kuti analeredwa ndi ndani. Anatambasula manja awo awiri patebulo pake, okhakhala ndi mchere wa matemba, n'kumuuza kuti ajambule amenewo, mpunga uli m'kati. Mpaka lero papaketi yathu pali manja amenewo, ndi chala chimodzi chopindika chimene chinathyoka ali mtsikana. Wojambulayo ankafuna kuchiwongola, ine ndinakana.

Wotcha dzina sachoka osasiya mphatso, ndiye dengu lonse la matemba linatsala kwathu, chonsecho ankapita nalo kumsika. Tinadya matemba mpaka kutopa nawo.

Mapaketi osindikiza atafika, yoyamba anatenga ndi apongozi. Anaikulunga m'chitenje n'kukwera nayo boti. Patapita masiku, amayi a padoko omwe aja anandiuza kuti atatsika ku Chisi sanayambe kwawo, analunjika pakhomo pa mtsikana uja. Nkhawa ija inabwereranso, paja mantha satherapo tsiku limodzi. Atabweranso ndinalimba mtima n'kuwafunsa, uku ndikuwathirira madzi osamba m'manja, kuti kumeneko anakatani.

"Ndinakawaonetsa mdzukulu wanga," anatero. "Thirani bwino madziwo, mukundinyowetsa."