Mtengo wa Mango wa a Mlongoti

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Aliyense m'deramo ankawatchula a Mlongoti, chifukwa theka la moyo wawo analithera m'mwamba, akumangirira timabokosi toyera ta intaneti pa mapaipi ndi pa madenga a anthu. Timabokosito tinkapatsirana uthenga ngati anthu opatsirana njerwa pomanga nyumba. Ka pa thanki ya madzi kankapatsira ka pa denga la a Mlongoti, kameneko n'kupatsira ka kusukulu, mpaka nyumba ya kumapeto kwa msewu. Kamodzi kakadwala, tinzake tinkafuna njira yozungulira, koma zikatero intaneti inkachita kukwawa.

Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Koma anali ndi chiphunzitso chimodzi chomwe ankachilalikira kuposa abusa: timabokosi tizionana maso ndi maso, ndipo mdani wamkulu wa intaneti ndi mtengo. Akangoima pakhomo pako n'kuyamba kuyang'ana kumwamba, unkadziwiratu kuti mthunzi wako watha. Magwafa a aphunzitsi anapita. Mtengo wa mapeyala wa amayi osoka zovala, pomwe ankaika makina awo kukatentha, unatsala chitsa. Amayiwo analira tsiku limenelo, a Mlongoti n'kuwauza kuti chitukuko sichimva chisoni.

Pakhomo pa a Mlongoti panalinso mtengo, wa mango, womwe akazi awo anabzala chaka chomwe analowa m'nyumbamo. Chidwalireni miyendo, mayiwo sankapitanso kutali. M'mawa uliwonse amuna awo ankawatulutsira mpando pansi pa mtengowo, ndipo kuyenda kwawo konse kunkathera pomwepo. A Mlongoti ankawakonda akazi awo, ndipo mtengo umenewu sankauwerengera m'gulu la mitengo.

Chaka china mvula inagwa bwino, kabokosi ka pa denga lawo n'kuyamba matenda. Kukacha kankayaka nyali yobiriwira, koma mvula ikangowaza masana, nyali ija inkafiira. Mafoni anayamba kulira. Aphunzitsi zolemba zawo sizikutumizika, amayi osoka makasitomala awo sakuwapeza.

A Mlongoti anakwera makwerero. Anazimitsa kabokosi n'kukayatsanso. Anayeza magetsi obwera m'waya, anali okwanira. Anamasula polumikizira kuti aone ngati mwalowa madzi, anapeza mouma gwa, komabe anadula mutu wa waya, n'kuika wina, n'kukulunga tepi. Anatembenuza kabokosi pang'ono kumanzere, pang'ono kumanja, maso ali pa laputopu, manambala osasintha. Tsiku lachitatu anachotsa kabokosi konse n'kuika katsopano. Mvula itawaza, katsopanoko kanafiira chimodzimodzi.

Chomwe sanachite masiku onsewo ndi chomwe ankayamba nacho pakhomo pa wina aliyense: kuima kumbuyo kwa kabokosi n'kuyang'ana komwe kakuyang'ana. Akafika pamenepo, khosi lawo linkauma. Paja chala sichiloza mwini.

"Abambo," anatero akazi awo ali pampando paja, "kodi thanki mukuionabe muli pamwambapo?"

"Ndi chinyezi cha m'waya ichi, mayi."

"Ine ndafunsa za thanki."

Thanki sinkaoneka. Pomwe inkaonekera kale panali masamba a mango, othithikana, ndipo akanyowa ndi mvula uthenga sunkadutsa n'komwe. A Mlongoti anachita mantha, chifukwa mankhwala a matenda amenewa anawalemba okha.

Tsiku lachisanu m'mawa amayi osoka anafika pageti, tepi yoyezera ili m'khosi, nkhwangwa ili m'manja. Anapereka moni mwaulemu wonse, anafunsa za miyendo ya odwala, kenako anatsamiritsa nkhwangwa ija pa mtengo.

"Ndati mwina yanu ndi yobuntha, bambo. Iyi ndanoletsa dzulo. Ndi yomwe ija munadulira wanga."

Akazi a Mlongoti anangoyang'ana nkhwangwayo, kenako n'kuyang'ana amuna awo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Munthu akapanikizika, nzeru zimabwera zokha. A Mlongoti anathamangira kwa owotcherera zitsulo, anabwerako ndi paipi ya mamita atatu. Anailumikiza pa paipi yakale ya pa denga lawo, anaikoka ndi mawaya atatu kuti mphepo isaigwedeze, n'kukweza kabokosi pamwamba pa masamba onse. Atayang'ana ali kumbuyo kwa kabokosi, thanki inali apo poyera. Dzuwa lisanafike pamutu nyali inali yobiriwira, ndipo mvula ya masana itawaza inakhalabe yobiriwira. Palibe tsamba ngakhale limodzi lomwe linagwa.

Anasangalala ngati mwana. Ali pamakwerero pomwepo anaitana akazi awo kuti aone nyali, ndipo ndi pamene anaona kuti pansi padzaza anthu. Aphunzitsi analipo, ndi ena onse a zitsa pakhomo, makosi ali chagada. Palibe yemwe ankayang'ana nyali. Onse ankayang'ana paipi.

Amayi osoka anatola nkhwangwa yawo. Sanakweze mawu.

"Kani mlongoti umatalikitsidwa, bambo?"

"Zimatengera malo ake, mayi."

"Mamita angati amenewo?"

"Atatu."

"Atatu okha." Amayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mtengo wanga uja ndinabzala mwana wanga woyamba ali kumsana."

Anatsanzika odwala, anatuluka pageti, ena aja n'kutsatira mmodzimmodzi.

Akazi a Mlongoti anakhalabe mumthunzi wawo wonse wathunthu, akuitana amuna awo kuti atsike, tiyi akuzizira. Iwo anayankha kuti akubwera, n'kupitiriza kumanga nati yomwe inali yomangika kale. Zaka zonsezi sanaopepo kukwera, koma tsiku limenelo anaopa kutsika.