Chipsera cha Mabriketi

Nditatenga setifiketi yanga ya zamalonda, ntchito yoyamba imene ndinapeza inali yotsatsa mabriketi. Amenewa ndi malasha opangidwa ndi zitsononkho za chimanga cha ku Shimabala, osadula mtengo ngakhale umodzi. Abwana anandipatsa tisheti yobiriwira, mbaula imodzi, ndi malo moyang'anana ndi azimayi ogulitsa malasha, makala a mitengo aja. Mwana wanga anali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Womusiyira ndinalibe, ndiye ndinkagwira ntchito ali kumsana.

Nkhani ya mitengo sinkagulitsa. Ndikati nkhalango zikutha, anthu ankavomera ndi mutu kenako n'kuwoloka msewu kukagula malasha. Abwana anati mwezi ukatha zinthu zili choncho apeza wina. Ku koleji anatiuza kuti munthu sachedwa kugula akachita mantha, ndiye ndinafunafuna choti aziopa.

M'nyengo yozizira ya chaka chomwecho, mwana wina wa m'komboni mwathu anafa ndi mpweya wa mbaula imene inasiyidwa m'nyumba yotseka. Amake anali mmodzi wa azimayi a malasha aja, wamtali, wa duku lakuda. Ndinkawadziwa. Zoti ndinkawadziwazi sindinauzepo munthu, ngakhale mwamuna wanga. Ndinkadziwanso kuti m'nyumba yotseka mabriketi anga amapha chimodzimodzi.

Loweruka lina masana, anthu atazungulira mbaula yanga, ndinakweza mawu kuti afike kutsidya. Ndinati malasha amapha. Ndinati mwana uja bwenzi ali moyo amake akanasonkha mabriketi.

Amake aja sindinawaone akuwoloka. Ndinangoona mbaula ikugubuduka, moto uli mbwee pansi. Chibakera choyamba chinandipeza pakamwa, dzino linathyoka, ndinameza magazi. Anakulunga tsitsi langa kudzanja n'kundigwetsa. Ndinadzipotokola kuti ndisagwere mwana, ndipo dzanja langa lamanja linatera pa briketi lofiira. Fungo la khungu langa ndinalimva ululu usanafike.

“Kamba futi,” anatero, bondo lawo lili pakhosi panga. “Kamba futi, iwe wa masukulu. Unaliko? Ndiwe unamunyamula alibe mpweya?”

Anandimenyetsa mutu pansi kawiri. Anthu ankangoyang'ana, wina akujambula ndi foni. Kenako ndinamva mfundo ya chitenje ikumasuka, kumsana n'kupepuka.

Nditatukula maso, mwana wanga anali m'manja mwawo akuda ndi malasha. Anaimirira pakati pa makala oyakawo, mwana akulira, timiyendo tikulendewera pamwamba pa moto.

“Amai, napapata,” ndinatero ndi pakamwa podzaza magazi. “Nimenyeni ine.”

Anamukweza pang'ono, ngati mmene amayesera thumba asanatchule mtengo. Anamuyang'anitsitsa. Kenako anamupukuta phulusa kuphazi ndi chala chachikulu.

“Wanga enzolema monga uyu,” anatero, kunena za kulemera kwa mwana wawo womwalira uja.

Anachoka pamoto paja n'kumuika pachifuwa panga mwamphamvu ndithu, mpaka ndinatsamwa.

“Ivi vamanyi vako vobiliwila, umasonkha mu nyumba?” anafunsa akuloza mabriketi.

Ndinavomera.

“Uzisegula windo. Chipuba iwe.”

Anawoloka msewu kubwerera kumatumba awo.

Anthu anati ndipite kupolisi, umboni ulipo pafoni. Abwana nawonso ankafuna lipoti, akuti anthu aone mmene a malasha amadanira ndi chitukuko. Ndinawauza kuti ndinapunthwa pa mbaula ndekha. Anandiyang'ana pakamwa potupa paja, sanafunsenso.

Chikhatho chinapola chokokana, mpaka lero sinditambasula bwino zala ziwiri. Mabriketi ndikugulitsabe pamalo omwewo, chifukwa ndi abwino ndithu, ndipo mitengo ikuthadi. Koma aliyense wogula ndimamugwira thumba kaye n'kumuuza kuti awa nawonso amapha, asawasiye m'nyumba yotseka. Abwana amati ndikuthamangitsa makasitomala. Mwana akagona masana kumsana kwanga, ndimaima chilili mpaka nditamva mpweya wake pakhosi panga.

Amai a duku lakuda aja sanandipatsepo moni, ndipo ine sindinapezebe miyendo yowolokera msewu umenewo.