Anachonga Dzina, Nathetha Duwa

Roselyn Chimtengo ndi wa ku Mponela, sukulu analekezera sitandade seveni. Ku Mangalande anabwera mu 2003 kutsatira mwamuna wake Dyson, namwino pa chipatala cha ku Dudley. Iye anapeza ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, shifiti yam'mawa. Sachedwa, sadandaula, ndipo agogo amene amakana kusamba amasambira iyeyu.

Chimene chinkamulola kugwira shifiti imeneyi ndi gogo wina wovala jekete lachikasu, amene ankaima pamsewu waukulu ndi chikwangwani chozungulira n'kumaolotsa ana opita kusukulu. Roselyn ankasiya ana ake, Tiffany ndi Nathan, m'manja mwa gogoyo, iye n'kuthamangira basi ya kuntchito. Msewuwo ndi wa malole, munthu wamkulu yemwe amauwoloka mtima uli m'mwamba.

Kumayambiriro kwa 2006 kunamveka kuti gogoyo akupuma pantchito ndipo malo ake salembapo wina. Amene anayamba kulimbana nazo ndi khansala wa deralo, Mayi Maureen Pearsall, mzungu wamfupi wa mawu okhuthala. Ankagogoda khomo ndi khomo, mvula ikugwa. Kwa Roselyn analowa, anamwa tiyi, nafunsa mayina a ana. Anati akasankhidwanso mu Meyi nkhaniyi saisiya.

Roselyn anadabwa kumva kuti nayenso akhoza kuvota, poti Malawi ali mu Commonwealth. Anakondwa. Koma atauza mwamuna wake, Dyson anaika supuni pansi.

"Mayi a Tifa, mwaona duwa limene amavala pachifuwa lija? Ndi chizindikiro cha chipani cholamula boma chimenecho. Chomwecho chatiwonjezera chaka cha visa. Tinali pafupi kupeza mapepala okhazikika, pano ati tidikirenso."

"Nanga Maureen ndi amene amadinda mapasipoti?"

"Ndi gulu limodzi."

"Gulu lake liti? Ine ndamuona yekha, ndi ambulera wothyoka. Kodi kuolotsa ana pamsewu kulinso ndi chipani?"

"Kuno chilichonse chili ndi chipani, ngakhale bini ya zinyalala."

Roselyn anaseka, koma Dyson sanaseke.

Lamlungu kutchalitchi nkhaniyi inamusokoneza kwambiri. A Phineas, amene amaphunzira za malamulo ku Birmingham, anati khansala wopanda chipani ali ngati ngolo yopanda ng'ombe, palibe amamumvera mukhonsolo. A Wallace a ku Chipata anati ayi, makhansala onse azingoima paokha, zipani zizikathera ku London. Mayi busa anati iwo amavotera Yesu. Roselyn anabwerera kunyumba mutu ukuwawa. Onse aja analankhula zomveka, ndipo ndi zimene zinamuvuta.

Kwawo anavotapo kawiri. Ankadziwa mmene zimakhalira: nsalu zachipani, nyimbo, mzere wautali padzuwa, nkhope ya munthu papepala, inki pachala. Tsiku la voti kuno kunali zii ngati tsiku lililonse. Anaweruka kuntchito, anatenga ana, nalowa muholo yasukulu. Munali azimayi awiri patebulo ndi pensulo yomangidwa pachingwe. Palibe anamuyang'ana chala.

Papepala panalibe nkhope. Anafufuza dzina mpaka analipeza: PEARSALL. Pambali pake panali kaduwa kaja.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Akayang'ana dzinalo ankaona gogo wa jekete lachikasu ndi malole. Akayang'ana duwalo ankaona Dyson ali patebulo ndi mapasipoti anayi, atagwira chipumi. Zonse ziwiri, dzina ndi duwa, zinali pamzere umodzi, ndipo kabokosi kanali kamodzi.

"Mum, hurry up," anatero Nathan akumukoka siketi.

Ndiye Roselyn anachita monga ankachitira aphunzitsi ake ku Mponela. Chokhoza amachonga, cholakwa amathetha. Anachonga padzina la Maureen bwinobwino, kenako anathetha duwa lija ndi mtanda waukulu. Anapinda pepala, naponya m'bokosi, natuluka mtima uli mbee. Anaona ngati wapeza njira imene anthu ophunzira aja sanaione.

Madzulo anafotokozera mwamuna wake monyadira.

"Munthu ndamuvomera, chipani ndachikana. Nonse ndakusangalatsani."

Dyson anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. "Mwathetha? Mayi a Tifa, kuno mtanda ndiye voti! Mukathetha ndiye kuti mwasankha."

"Ndiye kuti ndasankha duwa?"

"Kaya. Mwina mwasankha kawiri. Mwina aitaya."

"Dziko lanji limene ukafuna chinthu umachithetha?"

Dyson anaimbira a Phineas. Iwo anati poti zizindikiro zonse zili pamzere umodzi, akhoza kuiwerengera Maureen. Kenako anati zimatengera wowerengayo. Kenako anati afufuza. Roselyn anamvetsera zonsezo ali chiimire pakhomo la khitchini, ndipo sanathe kudziwa ngati anavota kapena ayi.

Maureen anagwa pachisankho. Akuti sanasiyane kwambiri ndi mnyamata wachipani china amene anapambana, yemwe Roselyn anali asanamuonepo ngakhale pabasi. Kuntchito anzake anati anthu anakwiya ndi za ku London, ena za nkhondo, ena za zipatala. Palibe anatchula msewu.

Loweruka Roselyn anavala jekete lake labwino napita kukagogoda kwa Maureen. Anamupeza atavala masilipasi, akuthirira maluwa. Ndi Chingerezi chake chodukaduka anamuuza zimene anachita papepala paja, napepesa. Maureen anaseka mpaka kutsokomola, nati nayenso masiku ena amafuna atalithetha duwalo.

"Nanga bwanji osaima panokha?" anafunsa Roselyn.

Maureen anati akanaima payekha sakanapambana n'komwe poyamba paja, chifukwa ambiri amavotera duwa osaona dzina. Duwa ndi limene linamulowetsa, duwa lomwelo lamutulutsa.

"Ndiye za msewu ndikauze ndani?"

Anamuuza kuti akaonane ndi khansala watsopanoyo. Roselyn anapitadi, Nathan ali kumanja. Mnyamatayo anali waulemu, anamupatsa mpando, nati ayenera kumva kaye maganizo a gulu lake. Roselyn anafunsa ngati gululo limadutsa msewu umenewo. Mnyamatayo anamwetulira, nati amvetsa nkhawa yake.

Sukulu zitatsegulira mu Seputembala, pamsewu panalibe aliyense. Roselyn anasiya shifiti yam'mawa n'kutenga yamasana, imene imamuweruzitsa ana atadya kale. Dyson anasintha masiku ake kuti aziwatenga poweruka, ndipo awiriwa amakumana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka.

M'mawa uliwonse tsopano amaima yekha m'mphepete mwa msewuwo, Tiffany dzanja ili, Nathan dzanja ili. Ana a aneba awiri nawonso anayamba kumudikira pomwepo, amayi awo atamupempha. Alibe chikwangwani. Amangokweza mkono, ndipo malole ena amaima, ena ayi.

Tiffany anamufunsa tsiku lina ali pakati pa msewu kuti ulendo wina adzavotera ndani.

"Yenda msanga iwe," anatero Roselyn. "Usandifunse zinthu zovuta pamsewu."